Ndinapita kukafufuza ndewu za pa mpira, ndinabwerako ndi funso la bwalo

Pepala langa loyamba linabwerako lili ndi mawu anayi okha olembedwa ndi inki yofiira: "Izi mwaziona kapena mwangozimva?"

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Dedza, mbali ya ku Bembeke, ndipo pasukulu pathu zamasewero zili m'manja mwanga. Ndikuchitanso maphunziro a digiri, aja timakakumana ndi aphunzitsi athu pa holide pokha, kwinako n'kumawerenga tokha usiku titatha kuchonga makope. Chaka chino tinali ndi phunziro la sociology. Kwa amene sanalimvepo, ndi kuphunzira mmene anthu amakhalira pagulu, ndi mmene gululo limaumbira zochita za munthu mmodzimmodzi, mwini wake osadziwa n'komwe. Aliyense anauzidwa kuti asankhe nkhani ya kwawo, akaifufuze, abwere ndi lipoti.

Ine sindinachedwe kusankha. Mpira wa kumudzi kuno nthawi zambiri sutha ndi wezulo ya oyimbira, umatha ndi liwiro la oyimbirayo akulowera m'dimba la kachewere, miyala ikumutsata. Ndinalemba mutu wakuti ndifufuza zimene zimayambitsa ziwawa pa mpira wa m'midzi, ndipo m'ndime yachiwiri ndinali nditayankha kale: umbuli, kachasu ndi chamba. Nditawaimbira foni madamu amene amatiphunzitsa kuti andimasulire inki yawo yofiira ija, anaseka n'kunena kuti, "Bambo, mwagamula mlandu musanamve mboni. Nanga kachasuyo amamwedwa tsiku la mpira lokha? Pa maliro samwa? Bwanji kumaliroko sagendana?" Ndinasowa choyankha. Kuzizira kwa Juni kunalipo, koma thukuta linatuluka.

Choyamba chimene anandiuza kuti ndiwerenge ndi maganizo a C. Wright Mills, katswiri wa ku America amene mu 1959 anasiyanitsa vuto la munthu payekha ndi vuto la gulu. Chitsanzo chake chinali cha ulova: mumzinda wonse akapezeka munthu mmodzi yekha wosowa ntchito, mukhoza kuyang'ana khalidwe lake kapena luso lake, koma osowa ntchitowo akakhala mamiliyoni, kufunsa za khalidwe la aliyense n'kutaya nthawi, funsani za mmene chuma chayalidwira. Ndinaika bukulo pansi n'kuganiza za mabwalo athu. Mnyamata mmodzi akamenya oyimbira, ndi wamwano. Koma oyimbira akamamenyedwa kuno, n'kumenyedwa ku Linthipe, ku Mayani, ku Lobi, chaka ndi chaka, anyamata ake osiyanasiyana amene sanaonanepo, ndiye kuti pali chinthu china chimene chikubala ndewuzo, ndipo chinthucho sichili m'mutu mwa mnyamata mmodzi.

Kenako ndinakumana ndi Norbert Elias ndi Eric Dunning, omwe anagwira ntchito pa yunivesite ya Leicester ku England. Iwo ankati masewero amakono anabadwa pamene anthu anayamba kuchepetsa nkhanza poika malamulo. Kale midzi ya ku England inkalimbirana mpira popanda mizere, popanda kuwerenga osewera, anthu n'kumathyolana miyendo. Bungwe la FA, loyendetsa mpira ku England, linadzakhazikitsidwa mu 1863 n'kulemba malamulo amodzi. Ankatinso moyo wa masiku ano umatikakamiza kudzigwira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye bwalo la mpira latsala ngati malo amene munthu wamkulu angakuwe, kudumpha, kulira, wina osamudabwa. Apa ndinavomera, chifukwa ndimawadziwa akulu a mpingo ena ofatsa kwambiri amene Lamulungu masana pakamwa pawo pamatuluka mawu oti simungawalembe. Koma pamene Dunning ndi anzake ankafotokoza za anyamata a m'madera osauka a ku England okwera sitima kupita kukamenyana ndi masapota a mzinda wina, ndinaona kuti malayawa sakutikwana. Awo amamenya alendo. Kuno wogendayo ndi wogendedwayo ndi pachilamu, Lolemba akakumana pamzere wa kuchigayo.

Chimene chinandigwedeza kwambiri ndi nkhani za ngozi za m'masitediyamu. Pa 15 Epulo 1989 ku Hillsborough, mumzinda wa Sheffield, masapota a Liverpool anapanikizana, ndipo onse amene anataya miyoyo chifukwa cha tsikulo anafika 97. Kwa zaka zambiri nkhani imene inkafala inali yakuti masapotawo anali ataledzera, anadzichititsa okha. Mpaka mu 2016 ndi pamene bwalo lofufuza za imfazo linanena kuti masapota analibe mlandu, zinalakwika ndi mmene apolisi anayendetsera khamulo. Ku Accra, pa 9 Meyi 2001, pa masewero a Hearts of Oak ndi Asante Kotoko, apolisi anathira utsi wokhetsa misozi, anthu pothawa anapeza zipata zotseka, anafa 126. Kwathu kuno tonse timakumbukira pa 6 Julayi 2017, tsiku lokondwerera ufulu, pa Bingu National Stadium ku Lilongwe. Kulowa kunali kwaulere, anthu anakaonera Bullets ndi Silver Strikers, zipata zinachedwa kutsegulidwa, ndipo pokankhana anthu 8 anafa, asanu ndi awiri mwa iwo anali ana. Masewerowo anachitikabe. Tsiku limenelo ine ndinali m'gulu la onena kuti Amalawife sitidziwa kukhala pamzere. Panopa funso langa loyamba limakhala lakuti, anali ndi kiyi wa chipata ndani, ndipo anatsegula nthawi yanji?

Ndiye ndinatuluka kukafufuza. Ndinasindikiza mafunso pa mapepala, ndalama ya m'thumba mwanga, n'kupita nawo ku bwalo Loweruka lina. Zimene zinachitika ndimachita nazo manyazi. Anthu ataona mapepala ndi cholembera anangoti kwabwera bungwe. Wina anandikokera pambali n'kufunsa, "Aphunzitsi, mukulemba mayina a mipira kapena a mayunifomu? Timu yathu musaiiwale." Nditafotokoza kuti ndi za sukulu chabe, theka anachoka. Otsalawo anayankha zimene ankaganiza kuti mphunzitsi angakonde kumva. Pa funso lakuti kodi munayamba mwachitapo ndewu pa mpira, onse anati ayi, kuphatikizapo mkulu wina amene ndinamuona ndi maso angawa akuzula nsungwi ya pagolo chaka chathachi. Pa funso lakuti ndewu zimayamba bwanji, onse anati umbuli ndi mowa. Anandibwezera mawu anga omwe, mawu amene timawamva pawailesi, ndipo ndikanakhala wothamangira kumaliza ndikanajambula tchati chokongola n'kukhoza nacho.

Mapepalawo ndinayatsira mbaula. Ndinagula kope wamba la ana asukulu, n'kuyamba kungokhala m'mbali mwa mzere, kuyambira Juni mpaka Seputembala, nthawi imene anthu akolola ndipo mpira umakhala paliponse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinkalemba zinthu zooneka ngati zachabe: wabwera ndani, waima pati, oyimbira ndi wa mudzi uti, wamulipira ndani, mphoto ndi chiyani, phokoso layamba mphindi iti. Patatha masabata angapo chithunzi chinayamba kuoneka chokha. Masewero apaubale, ongopimana mphamvu, sindinaonepo ndewu, ngakhale oledzera analipo omwewo. Ndewu zinkabwera pa masewero ochotsana, makamaka kuyambira ndime ya matimu anayi, ndipo zambiri zinkabuka chigawo chachiwiri chikupita kumapeto, pa penate kapena pa chigoli chokanidwa.

Nditayamba kucheza ndi makomiti a matimu, osati ndi mafunso olemberatu koma pa benchi ya tiyi, ndinamva zimene mudzi umataya kuti timu ifike pamenepo. Amasonkha khomo ndi khomo. Wina amapereka chidebe cha kachewere, wina nkhuku. Pali ndalama yolembetsera mu chikho, ya galimoto yonyamula timu, ya chakudya, ndiye pali aganyu, anyamata aluso ochokera ku boma kapena ku Lizulu amene amalipidwa pa gemu iliyonse, n'kupatsidwa dzina la mudzi tsiku limenelo lokha. Zonsezi amazichita poyembekezera mphoto ya chikho, ndipo zikho zambiri kuno ndi za aphungu kapena ofuna uphungu, n'chifukwa chake zimachuluka chisankho chikayandikira, chikadutsa n'kuzimiririka ngati bowa. Tsono taganizani: chuma chonsecho chili m'manja mwa munthu mmodzi wa wezulo, amene sanapite ku maphunziro alionse a uoyimbira, walipidwa ndi komiti yokonza chikho, ndipo m'komitimo muli anthu a mudzi umene mukusewera nawo. Akakulakwirani mukadandaula kuti?

Funso limeneli anandipatsa ndi agogo ena amene saphonya mpira, amabwera ndi kampando kawo. Anati, "Mwana wanga, mbuzi yako ikadya chimanga changa, tili ndi bwalo kwa amfumu. Tikakanganirana malire a munda, bwalo lilipo. Nanga mlandu wa penate bwalo lake lili kuti? Ndi pomwepo, nthawi yomweyo, dzuwa lisanalowe." Usiku umenewo sindinagone msanga. M'chinenero chathu malo oweruzira milandu ndi bwalo, ovinirapo gule ndi bwalo, osewererapo mpira ndi bwalonso. Awiri oyambawo ali ndi eni ake odziwika, ali ndi mwambo wa amene ayankhule ndi amene akhale chete, ndipo wolakwiridwa amadziwa kolowera. Bwalo lachitatuli tinalilandira ndi malamulo ake a mkati mwa mizere, koma za kunja kwa mizere palibe anazikonza. Sindikunena kuti kugenda munthu n'koyenera. Mnyamata amene ndinamuona akutuluka magazi pachipumi, wezulo ili m'khosi, anali wophunzira wanga wakale. Ndikungoti mawu akuti umbuli sakufotokoza chilichonse pamenepa, amangotipumitsa kuganiza.

Ndinawerenganso za Clifford Geertz, amene anaonerera kumenyanitsa atambala pa chilumba cha Bali n'kulemba za izo mu 1972. Iye anaona kuti pa ndewu zikuluzikulu za atambala ndalama si imene inali pamtima penipeni, koma ulemu wa banja ndi mudzi. Munthu sankabetcherana ndi tambala wa mbale wake ngakhale akuona kuti ndi wofooka. Kuno n'chimodzimodzi. Timu imatchedwa dzina la mudzi, dzina la mudzi ndi dzina la mfumu. Kugonja si kwa anyamata khumi ndi mmodzi okha. Amayi akaimbidwa nyimbo pachitsime sabata yonse.

Za mankhwala ndingodutsapo, chifukwa nkhaniyo payokha ikhoza kudzaza kope. Timu kukana kulowera pamene alowera anzawo, goloboyi kukwirira kanthu kuseri kwa golo, mwana kutumidwa kukakodza pakona, zonsezi ndinaziona. Madamu anandichenjeza kuti ntchito yanga si kuyesa ngati mankhwalawo amagwira, koma kuona zimene amachita pakati pa anthu. Ndipo amachitadi ntchito: timu ikagonja, sapezeka wolozedwa chala m'mudzi, chifukwa olakwa ndi a tsidya lija amene anakhwima kuposa ife. Ubale wa m'mudzi umapulumuka, chidani n'kupita kutsidya.

Pofika Ogasiti ndinkadziona ngati ndamaliza. Amene anandigwetsa ndi mayi ena ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe pafupi ndi golo ya kumadzulo. Anali atandizolowera, tsiku lina anandifunsa, "Aphunzitsi, m'kope lanulo mumangolemba za anyamata okhaokha? Mwana wanga wamkazi ali mu timu yanu ya ntchemberembaye. Munayamba mwapitako kumene amasewererako?" Ndinayankha mwachangu kuti, "Ee mayi, ndimapitako." Linali bodza la theka. Ndinkapitako kukasiya mpira n'kubwerera ku bwalo lalikulu. Nditatsegula kope madzulo ake n'kuwerenga masamba onse, amayi ndi atsikana ankapezekamo ngati ogulitsa, oimba nyimbo ndi otunga madzi a osewera. Miyezi itatu ndikufufuza mavuto a m'masewero, vuto lalikulu ndinali nditalifulatira, chifukwa lilibe phokoso. Ndewu imaoneka. Mtsikana amene sanabwere kubwalo saoneka.

Bwalo lathu la ntchemberembaye lili kuseri kwa zimbudzi, pamalo otsetsereka, mizere yake ndi tingalande tokumba ndi khasu, ndipo mphete imodzi ndi ya gudumu la njinga. Ndinayamba kukhala kumeneko ndi kope langa. Anyamata akaweruka amathamangira kunyumba, kudya, kubwerera, n'kusewera mpaka mdima. Atsikana amayamba mochedwa chifukwa atsuke kaye mbale, ndipo dzuwa likangopendeka amayamba kuchoka mmodzimmodzi: madzi, nkhuni, ndiwo, mwana wa kumsana. Palibe amene anawaletsa kusewera. Palibe lamulo la sukulu kapena la mudzi lonena zimenezo. Nthawi yawo ndiyo ili ndi eni ake ambiri. Pa chikho cha aphungu, ntchemberembaye imaseweredwa masana dzuwa lili pamutu, anthu asanasonkhane, alendo olemekezeka asanafike, ndipo pa zikho zimene ndinaonerera mphoto yake inali yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya anyamata. Nditafunsa wa komiti wina chifukwa chake, anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene mvula imagwera pansi. Chinanso chimene ndinaona: mayina a mu timu ya atsikana amasintha msanga kuposa a anyamata. Wa Sitandade 6 amene anali katswiri chaka chatha, chaka chino palibe. Ena anasamuka, ena ali pabanja, ngakhale malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndiponso ngakhale boma lathu lomwe lino ndi kwawo kwa Inkosi Kachindamoto imene inatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana.

Chodabwitsa n'chakuti pa dziko lonse mbiri yathu yabwino pa masewero yabwera kwambiri ndi akazi. Ma Flames timawakonda, koma ku mpikisano wa Africa apitako katatu kokha, mu 1984, mu 2010 ndi ku Cameroon kumayambiriro kwa 2022 kumene Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chija cha patali tisanagonje 2-1 kwa Morocco. Ku World Cup sanapondeko. Ma Queens anakhala pa nambala 5 pa dziko lonse lapansi ku Auckland mu 2007. Mu 2015 ku Sydney, Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya ntchemberembaye. Mu 2016 anatenga malo achitatu pa Fast5, mpikisano wa osewera asanu mbali iliyonse, ku Melbourne. Zonsezi ankazichita akukonzekera pa bwalo la simenti la panja ku Blantyre Youth Centre. Nyumba ya masewero ya Griffin Saenda ku Lilongwe yadzabwera mu 2022. Ndikayang'ana kabwalo kathu ka kuseri kwa zimbudzi ndimaona kuti sukulu yathu sinapeke chachilendo, inangokopera.

Ndiye pali atsikana amene safuna ntchemberembaye, akufuna mpira wamiyendo. Ma Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023 atagonjetsa Zambia 2-1. Temwa Chawinga mu 2024 anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ndi timu ya Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Lero aliyense amatchula Temwa ndi mkulu wake, ana a ku Rumphi, monyadira. Koma mkulu wake, Tabitha, anauza nyuzipepala ya The Guardian mu 2021 kuti ali wamng'ono anavulidwapo zovala pa bwalo, pamaso pa anthu, ati pofuna kutsimikiza ngati analidi mkazi. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira kuti dziko lathu linali ndi lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, lomwe linachotsedwa nthawi ya kusintha kwa ndale, komanso kuti mu Januwale 2012 amayi ovala mathalauza anavulidwa m'misewu ya m'mizinda yathu. Thupi la mkazi kwathu kuno anthu amaliona ngati nkhani ya gulu lonse. Mtsikana akavala kabudula n'kulowa m'bwalo, sakulimbana ndi timu inayo yokha. Ku sukulu kwathu alipo awiri amene amamenya chikulunga kuposa anyamata ambiri. Mayina amene anzawo amawaitana nawo sindiwalemba pano.

Funso la eni ake linandifikitsanso ku Super League. Tayang'anani ena mwa matimu amene akhala akusewera mmenemo: Silver Strikers ndi ya Reserve Bank, Blue Eagles ya apolisi, Civil Service United ya boma, Kamuzu Barracks, Moyale Barracks, MAFCO ndi Red Lions za asilikali. Matimu awiri a anthu ambiri nawonso mayina awo ndi mbiri ya amene anali ndi ndalama nthawi imeneyo: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets imene inafika ndime ya magulu mu CAF Champions League mu 2004, kenako Nyasa Big Bullets, uku Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, Be Forward Wanderers. Kuchoka pa chikho cha aphungu kumudzi kufika pamwamba penipeni, mpira wathu umadalira munthu kapena bungwe limodzi la thumba lalikulu, ndipo likatopa timu imagwa njala. N'chifukwa chake mnyamata waluso amene ndinacheza naye sananene kuti akufuna kutenga ligi. Anati akufuna timu ya asilikali kapena ya apolisi, chifukwa kumeneko mwendo ukathyoka ntchito imatsala. Dedza Dynamos italowa mu Super League mu 2022, anyamata a kuno anayamba kuona ngati khomo layandikira, ndipo tsiku la gemu ya pakhomo akabaza ndi ogulitsa chipisi amadya bwino. Koma khomolo ndi laling'ono, odikira panja ndi ambiri.

Apa ndiyenera kuulula. M'lipoti muli gawo limene wofufuza amafotokoza za iye mwini, kuti waima pati pa nkhani imene akufufuzayo. Ndinkafuna kulemba mizere iwiri basi. Koma ndinali nditalemba kale ndime yonse yodzudzula kubera zaka, ndikutchula mmene FIFA inayambira kujambula mafupa a padzanja ndi makina a kuchipatala otchedwa MRI, pofuna kudziwa zaka za osewera, mu 2009 pa mpikisano wa osapitirira zaka 17. Tsono ine amene, zaka zitatu zapitazo pa mpikisano wa sukulu za m'zoni, ndinaseweretsa mnyamata wa ndevu zometa amene anali atasiya sukulu kale, n'kumulemba dzina la mwana wina wa Sitandade 7. Chifukwa changa chinali chakuti anzathunso amatero. Tinapambana. Mwana mwini dzinalo anaonerera ali kunja kwa mzere, atanyamula botolo la madzi. Sindinamuganizirepo mpaka chaka chino. Nditalemba zimenezi madamu anangoika chizindikiro m'mbali n'kulemba kuti, "Apa ndiye mwayamba."

Ndisanamalize lipoti ndinawerengako za mabungwe ogwiritsa ntchito masewero pa chitukuko. Chitsanzo chotchuka ndi Mathare Youth Sports Association ya ku Nairobi, yomwe inayamba mu 1987, kumene matimu amapeza mapointi mu ligi akayeretsa dera lawo. Kunonso mabungwe amabwera, ndi mipira, masikipa ndi uthenga wa Edzi kapena wa maukwati a ana. Fred Coalter, katswiri wa ku Britain, ndi mmodzi mwa amene anafunsa funso lovuta: umboni uli kuti wakuti mpirawo ndi umene wasintha mwana? Mwina amene amabwera ku mapologalamu oterewa ndi ana amene kwawo zinthu zili bwinoko kale. Ndikugwirizana naye pa zimene ndaona. Mtsikana amene ali pachiopsezo chenicheni chosiya sukulu ndi yemwe uja wachoka dzuwa litangopendeka, uthenga usanayambe. Sindikunyoza mipira yaulere, tilibe ina. Koma mpira sutunga madzi.

Za kubetcha ndinangozigunda pang'ono, ndipo ndikuona kuti ndi kumene kafukufuku wotsatira ayenera kulowera. Pa bwalo lathu, mpira wa mudzi uli mkati, anyamata ambiri maso amakhala pa foni, akutsatira zigoli za ku England ndi ku Spain zimene aikapo ndalama ya ganyu. Lamulo limaletsa osakwana zaka 18, koma foni ya achimwene siifunsa zaka. Mwana wa Sitandade 8 amene amalephera mafulakishoni m'kalasi mwanga anandiwerengera pamtima zimene angapate akaphatikiza magemu asanu ndi limodzi, osaphonya.

Lipoti ndinapereka. Koma teremu ino itayamba ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti Lachitatu lililonse bwalo lalikulu likhale la atsikana, kuyambira poweruka mpaka 4 koloko, asewere mpira umene akufuna. Ahedi anavomera mosavuta, mwina poganiza kuti sizipita patali. Lachitatu loyamba anabwera ambiri, anyamata atazungulira bwalo lonse akuseka. Lachitatu lotsatira oseka anachepa, osewera nawonso anachepa. Lachitatu lapitali, nthawi isanakwane n'komwe, anyamata a timu ya mudzi anafika ndi mpira wawo, akuti ali ndi gemu ya chikho Loweruka. Kaputeni wawo, amene ndinamuphunzitsa ndekha, anandiyandikira mwaulemu, chipewa chili m'manja. "Aphunzitsi, anawa atsala pang'ono? Paja bwaloli analima ndi makolo athu."

Ananena zoona. Analima ndi anthu a m'mudzi, kalekale sukulu isanakule. Ndinayang'ana m'bwalo. Atsikana anali atatsala asanu ndi anayi, mmodzi atakhazika mlongo wake wamng'ono pa chitenje pafupi ndi golo kuti azimuona akudaka. Mwana wa mayi a zitumbuwa uja anali atapondetsa phazi pa mpira, akundiyang'ana ine, osati kaputeniyo.

Ndinati, "Achimwene, dikirani 4 koloko." Anadikira, atakhala pa udzu kuseri kwa mzere, ndipo mphindi makumi awiri zimenezo palibe anayankhula nane. Loweruka amfumu anditumizira uthenga kuti ndikaonekere kwawo Lolemba madzulo, tikakambe za bwalo. Kope lija ndalitenga kale, latsala ndi masamba anayi.